Goloboyi Wanga wa Mkuwa

Gilibati sanabwezebe chopanira changa. Taonani zalazi, anzanga, matuza okhaokha. Mwana wobereka ndekha anabwera pa Khirisimasi n'kunyamula zitsulo za mkuwa zimene malemu bambo ake anapatsidwa ndi mzungu wa ku esiteti ya tiyi: chosonkhezera moto chonga ndodo ya gofu, ndi chopanira chonga goloboyi wotambasula manja. Akuti akangokongoletsera pabalaza ku Lilongwe, abweza. Chonsecho goloboyiyo ndiye amanditembenuzira chimanga chootcha pamsika pano.

Ndiye usiku wathawu ndinalota ndakwera minibasi kukamutenga goloboyi wangayo. Kondakitala akuti mtengo wakwera, ine ndati sindiwonjezera, ndiye wangogulula matayala, tonse tikuyenda wapansi mipando ili kumatako.

Mwadzidzidzi ndili pabalaza pa Gilibati, koma pamera kapinga ndi mizere yoyera ngati bwalo la mpira. Pakhoma pali malo osonkhapo moto opanda chumuni, moto wake ndi babu lofiira. Goloboyi wanga ali pomwepo, amupukuta mpaka mbee.

"Mayi, mwachedwa," akutero. "Chibwerere kuno sindinagwirepo kanthu. Amangondiloza alendo akabwera."

"Nyamuka, tiye kwathu."

Ndodo ya gofu n'kulowererapo: "Ine sindibwerera. Kuno amandipukuta ndi kansalu. Kwanu munkandipirikitsira nkhuku."

"Iwe tsala, ndilibe nawe ntchito."

Ndiye pakhomo paima wodula matikiti wa pamsika uja, wavala za oyimbira mpira. Akuliza wezulo, akuti wosewera sachoka mu timu popanda chidindo. Ndikumuuza kuti asanditayitse nthawi, makutu ake akutalika, ndevu zikutsika, wasanduka tonde, wayamba kudya mondokwa wanga ndi makoko omwe. Ali chitafunire akunditumiza kwa bwana wake. Bwanayo ndikumupeza ndi birimankhwe wovala tayi. Dzanja la chidindo likupita kutsogolo, likubwerera, kutsogolo, kubwerera. Diso lina lili pa ine, lina pa thumba la chimanga.

"Dindani, bambo, moto ukundizimira."

"Tikuona, mayi. Tikuona."

Ine kutopa, ndangokhala pansi pa kapingapo.

Mwadzidzidzi makala onse a pambaula yanga adzuka, akuuluka ngati mipira, ofiira psuu, kulunjika ine. Goloboyi akufuula, "Ndimasuleni, mayi, ntchito yanga imeneyo!" Koma mpongozi wanga wamumanga kariboni m'manja kuti azioneka bwino. Gilibati ali pa sofa, foni m'mwamba, akuti, "Amayi, tamwetulirani pang'ono." Ndiye ndikuwakha ndekha makalawo, limodzilimodzi, alendo awo akuwomba m'manja, tonde akuliza wezulo kuti wawonjezera nthawi.

Chondidzutsa ndi belu la njinga panja. Wakabaza wa ku depoti, wabweretsa kaphukusi kamene Gilibati watumiza pa basi. Kutsegula, chopanira cha pulasitiki, chobiriwira, chija amagawira saladi pa ukwati. Kuimba foni, mwana akuti, "Amayi, zamkuwa zija n'zamakedzana, sizoyenera kuda ndi makala. Sizibweranso."

Ndachiyesa pa khala limodzi, chapindika ngati chingamu. Ndamupatsa wakabaza yemweyo achibweze, akachiike pa moto wawo wa babu uja, kumeneko sichipsa.

Nangondo mnzanga, tanditembenuzira icho chikupsereracho. Zanga zala zakana lero.