Ndulu ya pa chiwaya cha alamu

Ndinene poyambirira kuti zimene ndinauza anthu tsiku lija zinali zoona, ndipo ndikhoza kuimirira paliponse n'kuzibwereza. Vuto ndi loti choonadi changacho chinatsala pang'ono kutseketsa chiwaya cha alamu anga pa Nsaru.

Zinayamba ndi mutu umene unkandiwawa pafupipafupi. Akazi anga, a Naphiri, anandikankhira ku chipatala cha mishoni, kumene anandipima magazi. Adokotala, mayi wachitsikana wodekha bwino, anayang'ana pepala n'kunena kuti mafuta a m'magazi, aja amati kolesterolo, andichulukira. Wina akanangothokoza n'kukalandira mankhwala. Ine ayi. Ndinaphunzitsa sayansi ku pulayimale mpaka kupuma ntchito (theka la dera lino limadziwa kumene kuli mapapo chifukwa cha ine), choncho ndinakhazikika pampando n'kuti, "Adokotala, tafotokozani zonse, kwa ine sayansi si mlendo."

"Kolesterolo si mdani, bambo," anatero. "Thupi limamupanga lokha chifukwa limamufuna. Akachuluka, limatapako wina n'kumuphatikiza ndi mpweya wa okosijeni. Akasintha choncho amasanduka mthenga, amauza thupi kuti lisiye kupanga wina. Chiwindi nacho chimamutenga n'kupangira ndulu, ija imathandiza kugaya mafuta m'matumbo. Wotsala amatayika motero."

"Nanga vuto lili pati?"

"Vuto ndi amene wasinthira kunja kwa thupi. Mafuta a nyama akamapsa mobwerezabwereza, lero, mawa, mkuja, kolesterolo wake amagwirana ndi mpweya mosalongosoka, monga chitsulo chimachitira dzimbiri. Ameneyo amavulaza mitsempha. Kodi mumadya za pa chiwaya?"

Ndinayankha kuti mwa apo ndi apo. (Loweruka lililonse ndi mwa apo ndi apo ndithu.) Achimwene awo a akazi anga, a Zakeyu, amakazinga nkhumba pa msika wa Nsaru, ndipo mafuta a pa chiwaya chawo sindinawaonepo akutayidwa, amangowonjezera ena pamwamba. Ndinatuluka m'chipatala nditalumbira kuti nkhumba ndasiya, komanso nditanyamula phunziro limene linkandiyabwa pakamwa.

Mwayi unapezeka Lachinayi ku mphakati, pabwalo pa a Nabanda, mayi wachikulire amene amatitsogolera mapemphero. Titamaliza, wina anangofunsa mwaulemu kuti za kuchipatala zinayenda bwanji. Ndinadzuka, ndinatola kamtengo, n'kujambula chiwindi pansi. Ndinafotokoza za mthenga, za mpweya, za dzimbiri. Poona kuti ena ayamba kuyasamula, ndinachita zimene mphunzitsi wabwino amachita, kumanga zonse m'mawu ochepa osaiwalika.

"Mwachidule, abale, nyama ya pa chiwaya cha a Zakeyu ija, mathero ake ndi ndulu. Adokotala aona okha m'magazi mwangamu. Ine ndasiya."

Pabwalo panangoti zii. Ine ndinati ndawagometsa.

"Mwati ndulu, aphunzitsi?" anafunsa a Nabanda.

"Ndulu yeniyeni, mayi."

"Adokotala atero, eti?"

"Ndi pakamwa pawo."

Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu. Chimene ndinaiwala, ine wobadwira konkuno, n'chakuti kwathu ndulu ikatchulidwa pamodzi ndi chakudya palibe amaganiza za chiwindi cha munthu. Aliyense amaganiza za ndulu ya ng'ona, ija amati anthu oipa mtima amathira anzawo m'mowa.

Lachisanu nkhani inali itafika ku chigayo. Pofika Loweruka m'mawa inali itamera miyendo: ati a Zakeyu amapita ku mtsinje wa Bua kukagula ndulu, ati amathira pang'onopang'ono kuti nyama izikoma, ati aphunzitsi anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Ine osadziwa kanthu, ndili pakhonde kudya mapapaya monga anandilangizira adokotala.

Dzuwa lili paliwombo a Zakeyu anatulukira, epuloni ili m'chiuno. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anakhala pansi pa khonde, osati pampando, n'kuti, "Alamu, ndinakulakwirani chiyani? Chiyambire m'mawa palibe wagula ngakhale kanthuli kamodzi. Amayi akumakoka ana awo akamadutsa pa chiwaya panga. Ena akuti ndikapanda kuchoka andigwetsera shedi."

Atandifotokozera zonse ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha. Dzina la wothira ndulu silichoka ndi sopo, limatsata munthu mpaka ana ake. Ndinayamba kufotokoza kuti ndulu imene ndinkanena ndi ya m'thupi, koma a Naphiri anandidula.

"Inu mwayatsa, inu mukazimitse. Valani nsapato."

Pa msika anthu anatiunjirira ngati tabwera ndi kanema. Ndinakwera pa benchi molimba mtima, podziwa kuti sayansi ili mbali yanga.

"Abale, ndulu imene ndinkanena ija..."

"Mwamva? Akubwerezanso!" anakuwa mayi wina kumbuyo, ndipo gulu linayamba kusuntha.

A Zakeyu anandikoka malaya. "Alamu, tsekani sukulu. Idyani."

Anandipakulira mbale yodzadza, nthuli zonona zokhazokha, zochokera pansi penipeni pa mafuta akuda aja. Ndinaziyang'ana, ndinakumbukira adokotala, ndinayang'ananso nkhope ya alamu anga. Ndinathira mchere ndi tsabola n'kuyamba. Msika wonse unaima kuonerera munthu akutafuna. A Nabanda anali kutsogolo, kolona ili m'manja, kudikira kuti ndigwe. Nditamaliza, wina anati mbale imodzi siikwanira, mwina ndulu yakhala mbali ina ya chiwaya. Anandipakuliranso. (Kunena chilungamo, inkakoma.) Ndinakhala pa benchipo pafupifupi ola lathunthu, thukuta lili kamukamu, mpaka wakabaza wina anati, "Aaa, aphunzitsi ali bwinobwino awa," n'kuitanitsa yake. Ena anatsatira.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Loweruka lotsatira ndinadutsa pa chiwaya n'kungokweza dzanja, osaima. Madzulo ake a Zakeyu anabweranso kunyumba. Ati anthu akufunsa kuti ngati nyamayo ili bwino, bwanji aphunzitsi ailambalala?

Ndinawachonderera. "Alamu, ndizidya, koma yangayo muzindikazingira padera, m'mafuta atsopano."

"Padera? Anthu akaona kuti yanu ikuchokera m'poto wina, anena kuti chiyani?"

Ankanena zoona. Choncho Loweruka lililonse mudzandipeza pa benchi ya alamu, masana, poonekera, ndikudya umboni. Mwezi watha ndinapitanso kukapimitsa, a Naphiri atandiperekeza, ndipo adokotala anayang'ana pepala nthawi yaitali asanafunse ngati ndinamvetsa zimene anandiuza. Ndinawatsimikizira kuti ndinamvetsa bwino kwambiri, mpaka ndinaphunzitsako ena. Anasangalala, n'kundipempha kuti tsiku lina ndidzalankhule kwa odwala anzanga pa mzere wa sikelo ya akuluakulu. A Naphiri anandiponda phazi pansi pa tebulo, koma ndinali nditavomera kale.