Abale Andithera Mbatata

Lolemba

Kwacha ndi chisanu. Udzu wayera ngati wina wawazapo ufa. Sofiya akutsokomolanso. Kamwana ka miyezi yochepa, kachifuwa ngati ka nkhunda, ndiye kazitsokomola chonchi! Amake akuti ndi chimfine wamba. Ine sindikukhulupirira. Ndaika khutu pa kachifuwako, ndamva ngati mukukwekwesa kanthu. Amake akuti chikukwekwesacho ndi ndevu zanga.

Chofunika ndi bulangete, basi. Lilipo m'sitolo ya Mmwenye ku boma, lofiira, lochindikala. Ndaligwira kale kangapo. Mmwenye wandiuza kuti kugwira si kugula.

Koma nzeru ndaipeza. Njira ya amtengatenga yochokera ku Linthipe imadutsa kuseri kwa munda wathu. Anthuwa amakwera chitunda chonse chija katundu wa azungu ali pamutu, pofika pano mimba zamamatira kumsana. Ife mbatata tili nayo, yodzaza nkhuti, dzenje lija ndinakumba kuseri kwa nyumba. Mtedza ulipo. Ndimanga chisakasa m'mbali mwa njira, amake Sofiya aziphika futali, anthu azidya, azisiya kobiri kaya mchere. Lamulungu lisanafike, mwana afunda.

Munthu sayamba ntchito asanaone mmene anzake amachitira. Ndayendera onse ophikira apaulendo kuno kuseri kwa boma, kumene azungu safika:

- ANachisale, pansi pa mkuyu. Thobwa lokoma ndithu. Koma chikho ndi chimodzi, ndipo amayamba kulawa ndi ntchentche.
- Mkulu wina pa doko la mtsinje. Chimanga chokazinga ndi mbewa zapampani. Mbewa zonona. Mwiniwake ndamupeza ali mtulo, galu akuyang'anira malonda.
- Che Saidi, Myao wochokera kutali, kuseri kwa sitolo. Mpunga wa nyemba, tiyi m'zitini. Pamadzaza.

Koma Che Saidi alibe mwambo. Munthu asanakhale n'pansi pomwe, iwo ayamba atchula mtengo. Moni pambuyo. Safunsa kumene wachokera, safunsa ndi mfunda womwe. Ngati akudyetsa ng'ombe! Ine ndiwapambana pomwepo. Kwanga munthu azilandiridwa ngati munthu.

Lachiwiri

Chisakasa chaima! Mitengo ndazula pa khola lakale la mbuzi, youma gwa. Udzu ndi wa apongozi, uja anati ndiwafolerere nkhokwe. Ndiwamwetera wina. Chapendamira kummawa pang'ono, koma anthu akubwera kudzadya, osati kudzagonamo.

Zomwe zilipo:

- mphika waukulu, wobwereka
- mbale zosema
- chipika chokhalira
- mtsuko wa madzi osamba m'manja

Zomwe palibe: odya.

Ndasesa. Ndasesanso. Ndasuntha chipika, ndachibwezera pomwe chinali.

Dzuwa lili pamutu, afika! Abambo aatali, bokosi la malata pamutu, thukuta kamukamu pa chisanu chonsechi. Ndawatula, ndawapatsa madzi. Moni, moni. Kwanu? Ku Mayani. Nanga mfunda? "Ndine Phiri."

Inenso ndine Phiri.

Tagwirananso chanza. Afunsa za bambo anga, ndafunsa za bambo awo. Sanadziwanepo, koma Phiri ndi Phiri. Adya futali, awonjezera, akokota ndi mphika womwe. Ponyamuka apisa dzanja m'chilundu, ndaona ndi maso angawa! Koma pakamwa panga palankhula pokha: "Iyayi achimwene, musandichititse manyazi." Dzanja latuluka lopanda kanthu. Latuluka msanga kwambiri.

Amake Sofiya afunsa kuti mlendo wasiya chiyani. Ndati wasiya mbiri yabwino. Iwo ati mbiri safunda.

Sofiya wayetsemula. Ndatseka mng'alu wa pakhomo ndi udzu.

Lachitatu

Mbiri yayendadi. Abwera gulu lonse, akuimba nyimbo yawo yokwerera chitunda. Asanatule n'komwe, wina wafuula, "Ndi pano paja pali mbale wathu?"

Ndafunsa mmodzimmodzi, pakuti ukafunsa uyu sungalumphe mnzake:

- A Phiri. Abale anga.
- A Banda. Mayi anga ndi aNabanda. Amalume amenewo.
- A Mbewe. Amake Sofiya ndi Nambewe. Alamu.
- A Mwale. Apongozi ndi aNamwale. Awa ndiye sindingawatchulire kobiri ngakhale kutulo.

Kodi dziko lonseli mulibe anthu ena? Mulungu anatopa atangoumba amenewa?

Amake Sofiya aphika, aphikanso. Ine ndasinja mtedza ndekha, amuna onse aja akuona. Palibe wanena kanthu, pakamwa panali podzaza.

Amalume ena, opanda mano akutsogolo, anyamula Sofiya kumuvinitsa. Akuti, "Mphuno yathu yeniyeni iyi, ya kwa Banda." Manja ozizira ngati mwala wa mumtsinje! Ndawalanda mwaulemu. Ndamvetsera pachifuwa. Sindikumva kusintha, komanso mwina khutu langa lazolowera.

Zomwe asiya:

- fodya pang'ono, ine wosasuta
- nkhata yakutha
- lonjezo loti akauza anzawo

Ndawapempha kuti asavutike. Ati si vuto mpang'ono pomwe.

Nkhuti yatsika. Dzulo ndimatola mbatata chiimire, lero ndikugwada.

Lachinayi

Ndaganiza bwino. Cholakwa ndi funso lija. Ukapanda kufunsa mfunda, munthu ndi mlendo, ndipo mlendo angathe kulipira. Lero ndichita ngati Che Saidi, mtengo poyamba. Ndayeserera kuseri kwa nyumba, kuuza mbuzi: "Futali ndi kobiri." Zatuluka bwinobwino. Mbuzi sinakhumudwe.

Afika abambo ena, akhala pa chipika. Ndatsegula pakamwa kuti ndinene za kobiri, chatuluka ndi "Mwayenda bwanji?" Chabwino, moni si mlandu. Ndatseka pakamwa. Iwo akundiyang'ana, akudikira funso. Ine chete. Iwo chete. Ndayang'ana denga. Iwonso ayang'ana denga. Manyazi ake! Potsiriza anena okha: "Poti mukuoneka kuti mwaiwala, ndine Banda."

Adya.

Koma chakumadzulo, mwayi! Mngoni wa ku Lobi, wonyamula machila, makutu oboola, mapewa ngati chitseko. Mfunda watchula yekha mokweza monga amachitira Angoni: Nyoni. Nyoni! Ndafufuza m'mutu. Kwa bambo, palibe. Kwa mayi, palibe. Kwa apongozi, palibe. Ndawapakulira mbale yodzaza tho, ndawonjezera nsinjiro pamwamba. Bulangete lija ndikuliona m'maso, kufiira kwake konse.

Adya, anyambita zala. Akusamba m'manja akuti, "Futali wotere amaphika mkazi wanga yekha. Paja ana a kwa Phiri amadziwa mphika."

Naphiri. Mlongo wanga. Ndiye kuti awa ndi alamu.

Amake Sofiya aseka mpaka mwana waleka kuyamwa n'kumawayang'ana. Ine choseketsa sindikuchiona.

Lachisanu

Ndalawirira kwa Che Saidi kukapempha nzeru. Atchula mtengo wa tiyi, andithirira, kenaka moni. Ndawafotokozera zonse. Aseka mpaka atsamira mphika. Akuti, "Achimwene, chakudya umagulitsa kumene kulibe munthu amene anaona mchombo wako." Abale awo ali kutali, ulendo wotupitsa miyendo, ndipo njira sanawalozere. Tiyiyo ndalipira dzira la nkhuku ya amake Sofiya. Asadziwe.

Tiyi ndi madzi otentha ofiira. Sindikumvetsa chimene anthu amafera.

Pobwerera, tsoka! Apongozi ali m'chisakasa. Abwera kudzaona kumene kunapita udzu wawo. Ine ndine mkamwini, ndimakhala pamudzi pawo. Sindingakhale nawo pansi pa denga limodzi, sindingawayang'ane kumaso. Ndapatuka, ndakanjuta kuseri kwa chulu, msana ndawalozetsa. Nthawi yomweyo amtengatenga atulukira.

Ndikungomva ndi makutu:

"Khalani pansi ana anga, mwatopa."

"Onjezerani, musachite manyazi. Mkamwini wanga sadziwa kumana."

"Iwe Nambewe, mazira aja ukusungira ndani?"

"Nanga kamba wa panjira? Akulungire m'masamba a nthochi."

Kamba wa panjira!

Ndatsokomola mwamphamvu kuti adziwe kuti mwini chisakasa alipo. Ndatsokomolanso. Atumiza mawu kudzera mwa amake Sofiya: chifuwa cha mwana chija chikuchokera kwa bambo ake, asamamuyandikire.

Linthumbu landikwera miyendo. Kuthawa sindingathe, njira ndi yomwe ali apongoziyo. Ndavina chinjutire.

Mtedza watha. Mazira atha. Nkhuku ikundiyang'ana ndi diso limodzi. Yadziwa.

Loweruka

Nzeru yomaliza, ndipo iyi ndi yakuthwa. Mbale ndi mwini chisakasa. Nanga mwiniyo akachokapo? Ndamanga nsalu kumutu, ndakhala chozolika. Aliyense wofika ndizimuuza kuti eni ake apita kumaliro, ine ndine waganyu chabe, anandilamula kuti futali ndi kobiri. Bodza, inde. Ndikalapa mawa.

Futali wa lero alibe nsinjiro. Kunena zoona ndi mbatata yophika. Kuti ndiitole, ndachita kugona chafufumimba pakamwa pa nkhuti.

Afika abambo ena aafupi, onyamula thumba la mchere. Ndanena mawu anga ndikuyang'ana pansi. Sanakane! Akuti, "Waganyu salakwa." Amasula mfundo ya nsalu, aika kobiri pa chipika. Kobiri lenileni! Likuwala! Sindinalitole msanga, kuopa kuoneka wadyera.

Kumeneko ndiye kulakwa.

"Achimweneee!" Ndi a Phiri aja a ku Mayani, aatali aja a Lachiwiri, akubwerera kuchokera ku boma opanda katundu. Andivula nsalu kumutu, akufunsa ngati ndikudwala dzino. Aona kobiri pa chipika. Atembenukira aafupi aja: "Iwe, ukumuyesa chiyani mbale wanga? Wamalonda? Pano salipiritsa, funsa njira yonseyi. Bweza msanga usanamulize!"

Aafupi aja apepesa. Apepesa kwa ine! Kobiri labwerera mu mfundo. Ndaliona likulowa. Pambuyo pake atchula mfunda, koma sindinamvetsere, zilibenso ntchito.

A Phiri akuti dzuwa lapendeka, Mayani ndi kutali, agona konkuno. Mbale wobwera kachiwiri, wogonera, sungamupatse mbatata yopanda kanthu. Amake Sofiya andiyang'ana. Ine ndayang'ana nkhuku.

Yathamanga ndithu, tisaichotsere ulemu. Tazungulira nayo nyumba, a Phiri akundilozera kolowera.

Ntchafu adya alendo. Ine khosi.

Lamulungu

A Phiri anyamuka mmawa. Akuti ulendo wina adzabwera ndi ana kuti adziwe kwawo.

Ndalowa m'nkhuti thupi lonse kuti ndione bwino. Muli chule.

Tapita kukapemphera ku kasukulu ka mishoni. Ndimati ndikalape bodza la dzulo, koma aphunzitsi andiimiritsa pamaso pa anthu onse. Akuti mbiri yawafika, pamudzi uno pali munthu wodyetsa apaulendo osafuna kanthu, tonse titengerepo chitsanzo. Amayi alulutira. Apongozi, akuti, anagwedeza mutu mokondwa. Ine sindinaone, ndinali nditayang'ana khoma. Amake Sofiya abisa nkhope kumsana kwa mwana, mapewa akugwedezeka.

Pobwerera tadzera ku boma. Sitolo ndi yotseka. Ndasuzumira pa mng'alu. Lilipo, lofiira, palibe waligula. Kwa Che Saidi kwadzaza.

Masana nkhungu yatsika m'phiri, mphepo yake yolasa m'mafupa. Sofiya wayamba kutsokomola. Nkhuni m'nyumba mulibe, zonse zinapsa ndi futali wa abale. Ndaima pakhomo, ndayang'ana chisakasa. Lamulungu sagwira ntchito, ndikudziwa. Koma chinthu chopendama kale kuchikankha si ntchito.

Chagwa mosavuta. Udzu ndamanga mitolo, amake Sofiya akapereke kwa eni ake. Mitengo ndalowetsa m'nyumba.

Moto wake! Mitengo youma ija ikuyaka ngati yathiridwa mafuta. M'nyumba mwafunda mpaka amake Sofiya atsegula chitseko pang'ono. Ndatsekanso. Sofiya wagona chagada, timanja tatambalala, thukuta pa kamphuno ka kwa Banda. Ndaika khutu pachifuwa. Muli zii. Ndadikira. Muli ziibe.

Amake akuti chisakasa chija chayamba lero kupindula.

Mitengoyi itisunga masiku angapo. Ikatha, pali khola la nkhuku. Mwiniwake sakulifunanso.