Kagalimoto Kanga Konyamula Mphete

Mpaka lero ndikafika ku Uraha anthu amandipatsa moni ali kumwetulira, kenako wina amayamba kuyenda chafutambuyo. Ndimasekera nawo limodzi, nanga nditani, mlandu wake ndi wanga.

Mlongo wanga Tusayiwe ankakwatiwa ndi mnyamata wa kumeneko, ndipo ukwati unali woti ukadalitsidwire ku Chilumba. Pa msonkhano wa komiti ndidaimirira n'kulengeza kuti mphete sizinyamulidwa pa kapilo ngati maukwati ena onse, zibwera pa kagalimoto koyendera limoti kamene ndidagula ku Kyela m'dziko la Tanzania, kali ng'ani ng'ani ndi magetsi. (Ine ndine kalaliki pa Boma. Luso langa lonse la magetsi ndi kusintha babu.)

"Achimwene, mukutsimikiza?" Tusayiwe adafunsa. "Chifukwa ine ndikauza apongozi anga."

"Uwauze, ndi a kwa amalume awo omwe," ndidatero.

Kagalimotoko kanalibe magetsi, choncho ndidazula timababu ta LED m'tochi yakale n'kutilumikiza molunjika ku mabatire onse. Tidawala bwino zedi kwa kamphindi, kenako phethi, kafungo ka pulasitiki. Mkazi wanga adathamangira kukhitchini poganiza kuti ndiwo zapserera.

Mawa lake ndidapita kwa Che Saidi, bambo wa ku Mangochi amene amakonza mafoni mumsika. Adandigulitsa timababu tina ndi kachipangizo kochepetsa mphamvu ya moto, n'kundilangiza mofatsa.

"Bwana, timababuti tili ndi miyendo iwiri, wautali ndi wa pulasi. Mukatembenuza sitiyaka. Ndiye mutipatse mabatire akeake ndi switchi yake, musakhudze mawaya a mota."

Ndidagwedeza mutu ngati ndamva. Koma m'njira ndidaganiza kuti mabatire awiriawiri alemeretsa galimoto, komanso zingakome bwanji magetsi atamayaka okha galimoto ikangonyamuka. Paja nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi. Kagalimoto kaja ndidakagadamitsa patebulo, matayala m'mwamba, n'kumangirira timababu ku mawaya a mota omwe aja ndi tepi yakuda. Nditakankha kabatani, matayala adazungulira, magetsi adayaka. Ndidavina ndekha pabalaza. Zoti matayalawo akuzungulira cholowera kuti sindidayang'ane, ndipo pansi sindidakayeserepo. Ndidakabisa m'katoni kuti anthu akadabwe pa tsikulo.

Tsiku lidafika, tchalitchi chitadzaza mpaka m'mawindo. Abusa ataitanitsa mphete, kwaya idayamba nyimbo, anthu onse adacheukira kukhomo kumene ndidaima ine, suti ili thi, thukuta la ku Karonga likuyenderera kumsana. Ndidaika kagalimoto pansi, mphete zitamangidwa pamwamba ndi riboni, n'kukankha kabatani kopita kutsogolo. Kadanyamuka bwinobwino, koma magetsi zii. Ndidamva mayi wina akunong'oneza mnzake, "Magesi ghali nkhu?" kufunsa kumene kuli magetsi adalonjezedwa aja. Kutsogolo Tusayiwe adaweramitsa mutu, ndipo mtima wanga udawawa, chifukwa amene ankachita manyazi pamaso pa apongozi ake anali iyeyo.

Mwa mantha ndidakabweza m'mbuyo kuti ndikaone. Pompo magetsi onse adayaka. Anthu adaomba m'manja. Ndidakankhanso kutsogolo, mdima. M'mbuyo, kuwala. Apa m'pamene mawu a Che Saidi adandifika: moto wa mota umatembenuka galimoto ikasintha kolowera, ndipo timababu tanga tinkalandira wa m'mbuyo wokha.

Ndidakatembenuza ndi phazi kuti kapite kuguwa chafutambuyo, magetsi akuyaka. Chimene sindidaganize n'chakuti tsopano kumanja kwanga kunali kumanzere kwake. Kadayenda mokhotakhota ngati munthu wochokera ku mowa, kadagunda benchi, kadalowa pansi pa miyendo ya a kwaya (nyimbo idasokonekera pang'ono), kenako kadatulukira kutsogolo n'kukaima pa nsapato ya mayi a mkwati, apongozi ake a Tusayiwe enieniwo.

Mayiwo adakayang'ana, adandiyang'ana ine, kenako adawerama.

"Leka niyeghe ndine, mwana wane," adatero, kutanthauza kuti anyamula okha.

Adakasenza pamutu ngati ndowa. Chala changa chinali chikadali pa kabatani chifukwa cha mantha, ndiye matayala ankazungulira m'malere, magetsi ali ng'ani ng'ani, ndendende momwe zidalili patebulo panga. Mayiwo adayamba kuvina chopita kuguwa, nthungululu zidalira, kwaya idaipezanso nyimbo yake. Tusayiwe ankaseka mpaka misozi idawononga zodzola, ndipo ine ndidasangalala kuposa pa ukwati wanga womwe.

Kumadyerero Tusayiwe adandikoka mkono n'kundinong'oneza, "Achimwene, ndinene zoona kapena tizingoti munapanga dala?"

"Dala," ndidatero.

Che Saidi akuti kutembenuza miyendo ya timababuto n'kwa mphindi ziwiri, ndingobwera nako. Sindinapite. Kagalimotoko kanyamula kale mphete pa maukwati ena awiri ku Uraha, konseko kali pamutu pa mayi omwewo, ndipo ine amangondiitana kuti ndikaime kukhomo n'kukankha kabatani kobwerera m'mbuyo.