Mtanda wa Choko pa Chitseko cha Chimbudzi

Amayi akuti nkhaniyi ndingoiwala, koma ndingaiwale bwanji pamene tiana tam'kalasi yoyamba tikandiona timaloza kudenga n'kumaseka? Ndiye ndaganiza zoilemba ndekha, chifukwa ena akuikamba mokokomeza. (M'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku, pa tsiku limenelo ndinangolembapo kuti "kunagwa mvula." Zinazo dzanja linakana.)

Sukulu yathu ili chapafupi ndi mtsinje wa Chongwe, ndipo ili ndi kagulu ka amisiri okonza zowonongeka. Kapitao wawo ndi a Zulu, ndipo wachiwiri wawo ndi a Daka, amene ndi amalume anga enieni, mlongo wawo wa amayi. Kale amisiriwa ankagwira ntchito mmene mtima wawauzira. M'mawa ankaima pampope wa madzi n'kumaupukusira mitu, masana n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana za mpopewo.

Zinthu zinasintha ahedi athu, a Mwanza, atabwera kuchokera ku maphunziro ku Lusaka. Anabwerako ndi chipewa chatsopano ndiponso nzeru yatsopano, yoti ntchito ya amisiri iziyezedwa. Anawasonkhanitsa pabwalo ife tikumva.

"Kuyambira lero sinifuna kumva kuti 'tili kuyesayesa.' Nifuna chinthu chimene ningaone na maso. Temu ino cholinga ni chimodzi: chitseko chilichonse pasukulu pano chizitsekeka. Chikatsekeka, nilembapo mtanda wa choko. Bwana woyendera masukulu akabwera n'kupeza mitanda pa zitseko zonse, muzalandira maovolosi atsopano."

A Zulu anaomba m'manja mwaulemu. Ine ndinaganiza kuti ndi nzeru yabwino kwambiri. (Ndimachedwa kuzindikira zinthu.)

Kuyambira tsiku limenelo amisiri athu anasiya kuona chilichonse chimene si chitseko. Mpope unapitiriza kudontha, poti pampope salembapo mtanda. Madenga audzu anawola, mabenchi anatsala ndi miyendo itatu, koma zitseko zinkasisitidwa ngati ana akhanda. Chimene chinali chogwejemuka, ankachikhomera chidutswa cha tayala lakale m'mbali kuti chizigwira. Ndipo popeza zogwirira zinali zochepa, ahedi akangolemba mtanda pachitseko china, a Zulu ankabwera pambuyo pawo kudzazula chogwirira n'kukachikhoma pa chitseko chotsatira. Chogwirira chimodzi chinayenda sukulu yonse kuposa ahedi eni ake.

Tsopano mumve chimene ine chinkandikhudza. Bwana woyenderayo ankabwera kudzasankha mtsikana mmodzi wa m'kalasi lathu woti apite kusukulu yogonera komweko ya atsikana. Aphunzitsi anasankha awiri oti awerenge pamaso pake, ine ndi mnzanga Esnati. Ine sinditha kuyankhula pagulu, koma kuwerenga ndimatha, chifukwa maso amakhala m'buku osati pa anthu. Ndinakonzekera kwa milungu yambiri, ndipo amayi anandisitira diresi ndi simbi yamakala yobwereka.

Tsikulo litafika, mvula inali itagwa mpaka m'mawa. Galimoto la bwanayo litangoonekera kumsewu, m'mimba mwanga munayamba kubwadamuka ndi mantha. Ndinathamangira kuchimbudzi cha atsikana kuseri kwa makalasi, n'kukoka kachingwe kam'kati kuti nditseke. Chitseko chinakana pang'ono, poti matabwa anali atafufuma ndi mvula. Ndinakoka ndi manja awiri, ndipo chinatsekeka kuti phaa! Kutsekeka kwake kunali kokoma, ahedi akanamva akanalemba mitanda iwiri.

Nditafuna kutuluka, ndinakankha. Zii. Ndinakankha ndi phewa, kenako ndi msana. Tayala lija linali litagwira ngati linabadwira pomwepo.

Munthu wanzeru akanafuula. Ine ndinaima n'kumaganiza kuti ndikafuula, anthu adziwa kuti ndili m'chimbudzi. (Ngati kuti ena onse pasukulupo salowamo.) Belu linalira. Ndinamva anzanga akuimba nyimbo yolandira alendo, kenako kunangoti zii, ndipo ndinadziwa kuti kuwerenga kuli pafupi kuyamba. Apo m'pamene ndinamva mapazi ndi mawu a amuna awiri, a Zulu ndi amalume, akuzungulira kuona ngati mvula sinafute mitanda yawo.

Kwathu mtsikana sauza amalume ake kuti ali m'chimbudzi. Choncho ndinangotsokomola pang'ono, ngati kamwana ka mbuzi.

"Muli munthu umu?" anafunsa a Zulu.

"Nine," ndinatero chapansipansi.

"Iwe ndani? Kamba mokweza!"

"Nine, amalume. Chitseko chakana."

"Mayo, ni mwana wa alongo anga uyu!" anatero amalume. "Si ndiwe uyenera kuwerenga lero? A Zulu, tengani chitsulo titsegule."

Chogwirira chakunja, monga mwaganizira kale, chinali chitapita kukatumikira kwina. Ine nditamva kuti thandizo lafika, ndinayamba kumenya chitseko ndi phazi kuti ndiwathandize.

"Iwe mwana, leka!" anakuwa a Zulu. "Uzaphwanya chitseko cha sukulu! A Daka, ganizani bwino. Tikalowetsa chitsulo apa, thabwa lizang'ambika. Likang'ambika, ahedi azafuta mtanda. Akafuta mtanda, maovolosi mwawaona?"

"Manje mwana azakhala momwemo?"

"Anatiuza chiyani ahedi? Kuti chitseko chizitsekeka. Chatsekeka kapena sichinatsekeke?"

"Chatsekeka."

"Manje vuto ili pati?"

Amalume anayamba kuganiza. Ndimawakonda amalume anga, anandigulira pensulo yanga yoyamba, koma kuganiza kumeneko kunatalika kwambiri. Ndinkachita kumva maovolosi ndi ine tikuyezedwa pasikelo m'mutu mwawo. Pomaliza anafunsa mwakachetechete, "Nanga denga lili na mtanda?"

"Denga? Iyai, denga sitiwerengedwa nalo."

"Ndiye timutulutsire pamwamba."

A Zulu anayamikira nzeru imeneyo ngati yochokera kumwamba. Anagubuduza mgolo, amalume anakwerapo n'kuyamba kuzula udzu. Sunavute, poti unali wowola kale. Unagwera pamutu panga pamodzi ndi madzi akuda, chiswe ndi buluzi mmodzi amene anadabwa mofanana ndi ine. Amalume anatembenuzira nkhope kumbali mwaulemu, n'kutsitsa manja. Ndinaponda pamtanda wa matabwa wa chitseko chija (a Zulu akukuwa kuti ndiponde mofatsa), ndipo anandikoka mpaka mutu ndi mapewa zinatulukira padenga. Pamenepo diresi linakola pamsomali. Sindikanatha kukwera, sindikanatha kutsika.

Nthawi imeneyo n'kuti ahedi ataganiza zoonetsa mlendo wawo zipatso za nzeru yawo. Anatulukira pakona ya kalasi, bwana woyendera ali pambali pawo, aphunzitsi ali pambuyo, ndipo pambuyo pa aphunzitsi, kalasi lathu lonse.

"Monga muona, bwana, chitseko chilichonse pano..." Mawu a ahedi anathera pomwepo.

Bwanayo anali mzungu wamtali woyankhula Chinyanja pang'onopang'ono. Anandiyang'ana, anayang'ana chitseko, kenako anafunsa mosaseka n'komwe, "Kodi atsikana a pano amatulukira pamwamba masiku onse?"

A Zulu anavula chisoti n'kuyandikira. "Bwana, onani chitseko ichi. Yesani kuchigwedeza. Sichisuntha olo pang'ono!"

Ndipo ahedi, anthu inu, anachigwedezadi. Ine ndili pamwamba pawo, matope akuyenderera m'khosi, iwo n'kugwedeza mutu mokhutira.

Aphunzitsi athu ndiwo anakumbukira kuti padenga pali munthu. Anauza bwanayo kuti ndine mtsikana wachiwiri amene anasowa pa nthawi yowerenga. Bwanayo anali wachifundo, ngakhale chifundo chakecho ndikanakonda akanachisunga. Anati Esnati wawerenga kale, koma si bwino kuti ine ndimanidwe mwayi, ndipo anapereka buku kwa amalume kuti andipatsire komweko. Ndinalitsegula. Mawu onse ndinkawadziwa, tsamba limenelo ndinali nditaliwerengera nkhuku zakwathu kambirimbiri. Koma nditakweza maso pang'ono ndinaona nkhope zonse zili m'mwamba, pakamwa pali yasa. Ndinatsegula pakamwa panga, osatuluka kanthu. Dontho lamatope linagwera pakati pa tsamba, ndipo ndinayamba kulira.

Malo aja anapatsidwa kwa Esnati. Sindimuchitira nsanje, amawerenga bwino, ndiponso ndi iye amene anandichotsa udzu m'tsitsi ena onse akuseka. Amisiri analandira maovolosi awo, popeza mitanda inali yokwanira. Amalume akabwera kwathu amavala malaya awo akale, ndipo amayi sanayambebe kuwapatsa moni wautali.

Musaganize kuti ahedi sanaphunzirepo kanthu. Lolemba lotsatira anasonkhanitsanso amisiri n'kulengeza cholinga chatsopano, choti chitseko chilichonse chizitseguka mosavuta. Pofika madzulo a Zulu anali atazula chitseko cha chimbudzi chathu chonsecho n'kukachitsamiritsa kumtengo wa mango. Ahedi anabwera, analowa, anatuluka popanda chowagwira, ndipo analemba mtanda pakhoma.

Masiku ano ndikafuna kulowamo, Esnati amaima pakhomo atatambasula chitenje. Koma iye akupita mu Januwale, ndipo bwana woyendera adzabweranso chaka chamawa kudzasankha wina. Choncho ndayamba kuphunzira kukweza mawu. Ndikapita kukatunga madzi kumtsinje, ndimayang'ana uku ndi uku, ndipo ndikaona kuti kulibe munthu ndimafuula kuti, "Nitsegulireni!" Dzulo ndinafuula ndi mphamvu zanga zonse. Panali ng'ombe ikumwa madzi pafupi nane, koma sinatembenuke n'komwe.