Chinsinsi cha ku Concession

Lolemba

Uthenga wa mlamu Jairosi: pulazi ina ku Concession ikufuna woyendetsa thalakitala. Kuyesedwa ndi Loweruka m'mawa. Mtima uli m'mwamba!

Koma pano pa Trelawney lamulo timalidziwa ngakhale silinalembedwe paliponse. Akakumva kuti ukufuna ntchito kwina, yako yathera pomwepo, ndipo nyumba ya m'komboni imapita ndi ntchito. Ife kumudzi tilibe. Amayi anachoka ku Tete ali kamtsikana, njira anaiwala kalekale. Ndiye mpaka Loweruka pakamwa ndatseka.

Malamulo anga:
1. Loko pa foni.
2. Mavoisi ayi. Anthu a pano amamvetsera voisi ngati wailesi, komboni yonse n'kumathirira ndemanga.
3. Kutuluka m'magulu onse.
4. Mkazi wanga, amake Rute, asadziwe kaye.

Masana ndili ku ofesi kwa a Zuze, kalaliki wathu, kuti andisindikizire chithunzi cha laisensi chomwe chili m'foni. Ndanama kuti n'za chitupa. Kompyuta yawo ndi nkhalamba, ikamayaka ukhoza kukamwa tiyi n'kubwerako. Amakana kuti aiikire pulogalamu yatsopano. "Yatsopanoyo ndi kazitape, imaulutsa zonse," akutero. Munthu wosamala ngati ine! Chingwe chinasowa, ndiye akuti ndiloze kamera ya foni pa kabokosi ka timadontho kamene kali pagalasi. Kuphethira kamodzi, mauthenga anga aoneka pa kompyuta, pepala latuluka. Ndathokoza, ndanyamuka.

Lachiwiri

Ndatuluka m'magulu anayi: la mpingo, la sosaite ya maliro, la mpira, la antchito. Sindimadziwa kuti foni imasonyeza amene watuluka.

Isanakwane naini koloko:
Mkulu wa mpingo ali pakhomo, Baibulo m'khwapa, akufunsa chimene chandikhumudwitsa.
Mlembi wa sosaite akufunsa ngati ndapangana ndi Mulungu kuti sindidzafa.
A mpira akuti ndathawa chifukwa timu yanga inagonja.

Onse andibwezamo okha, osandifunsa. Tsopano komboni yonse ikudziwa kuti ndili ndi kanthu. Ndakwiya, koma ndikwiyire ndani?

Lachitatu

Mlamu Jairosi salemba, zala zake n'zazikulu. Watumiza voisi ya mphindi zisanu. Ndakamvetsera kuseri kwa balani ya fodya, foni nditaikanikiza kukhutu. Munthu uyu salankhula, amakuwa. Watchula zonse: dzina la pulazi, dzina la foromani wa kumeneko, geti lolowera, nthawi. Pomaliza akuti, "Usauze munthu, mulamu, ndezvedu tega." Zathu zokha!

Woyendetsa lole ya feteleza wandiuza za pulogalamu ina imene mauthenga ake amafufutika okha. Akuti anthu ozindikira ali kumeneko. Wandiikira. Mwa anthu onse a m'foni mwanga, mulimo mmodzi yekha: a Manijala a pulazi yathu. Ndipo yawadziwitsa kuti ndalowa. Anditumizira chizindikiro cha funso, basi.

Ndaifufuta nthawi yomweyo.

Lachinayi

Loko uja wabala nkhani. Amake Rute ayesa tsiku lawo lobadwa, yakana. Ayesa la Rute, yakana. Ku mjigo azimayi agamula kale mlandu: ndili ndi chibwenzi, ndipo ena akuti anachionapo, n'choyera, chovala wigi.

Kunena zoona, mphekesera imeneyi ikanandithandiza. Pa pulazi pano palibe amene anachotsedwapo ntchito chifukwa cha chibwenzi. Koma mkazi wanga wakhala pamphasa osadya, maso ali psu. Sindingathe. Ndawauza zonse, alumbira, ndipo aseka koyamba sabata ino.

Patangopita ola, pa sitetasi pawo: manja opemphera, thalakitala, ndi mawu akuti "Yehova akutsegula khomo lina." Aona anthu ambirimbiri. Akuti sanatchule malo, ndiye vuto lili pati?

Lachisanu

Foromani wathu m'mawa: "Mamuka sei, vekuConcession?" Mwadzuka bwanji, a ku Concession! Ndayankha kuti ndadzuka bwino.

Tsiku lonse m'munda ndikuwerenga adani. Mkazi wanga. Azimayi a ku mjigo. Wa lole. Khoma la balani. Ndakonza mawu oti ndikanene kunyumba, mawu olemera.

Madzulo ndalowa mu ofesi kukasiya makiyi a thalakitala. Pagalasi la kompyuta pali nkhope ya amake Rute. Pansi pake mlamu Jairosi. Pansi pake mkulu wa mpingo. Mauthenga anga onse, ngakhale umene ndalandira ndili pakhomo pomwepo!

A Zuze sakuchita n'komwe manyazi. "Simunatuluke paja, bambo a Rute. Hamuna kubuda. Ine ndimangoyatsa, zimabwera zokha." Akuti voisi ya mlamu anaimvera Lachitatu pa nkhomaliro, pa masipika, chifukwa mahedifoni alibe. Munali iwo, foromani, Fombe amene amayendetsa thalakitala yaing'ono, kenako a Manijala analowa kudzafuna sitampa. Anapempha kuti aibwereze.

Andionetsa potulukira. N'kabatani kamodzi. Kamodzi kokha!

Kunyumba mawu olemera aja ndawameza. Ndapepesa amake Rute, iwo sakudziwa n'chifukwa chake.

Loweruka

Ndapitabe. Ndikanatani? Shati yoyera, laisensi m'thumba la pulasitiki, ulendo wa makombi awiri, maminibasi a kuno.

Geti ndi lomwe lija, nthawi ndi yomwe ija. M'munda thalakitala ikulima kale, mizere yokhota ngati njira ya woledzera. Kulima kumeneko ndikukudziwa. Ndi Fombe. Dzulo anatsanzika kuti akudwala dzino.

Foromani wa kumeneko akuti munthu anabwera dzulo, anatchula dzina la Jairosi, amulemba. "Zvakaoma, mdhara," akutero, zavuta mdala, n'kutseka geti. Mlamu wangoima chapatali, akuyang'ana nsapato zake. Fombe wandikwezera dzanja. Ndipo ine, chitsiru, ndakweza langa.

Pobwera ndapeza kalata, amake Rute aiika pansi pa mbale kuti isauluke. Ntchito yatha. Kiyi wa nyumba akhale ku ofesi pakutha pa mwezi. Dzina langa a Zuze alilemba molondola, zilembo zikuluzikulu.

Ndili ndi mantha. Ndalemba kuti ndione ngati achepa. Sanachepe.

Lamulungu

Kutchalitchi andipempherera mokweza, ndi tsatanetsatane yense. Palibe chimene asiya. Loko ndachotsa, foni ili pawindo, aliyense aitenge.

Zoti tichite:
Makatoni, kugolosale.
Nkhuku, kugulitsa kapena kudya.
Rute, sukulu, sindikudziwa.
Mlamu akuti tikhoza kugona kukhitchini kwake masabata awiri. Wanena pa voisi.

Amayi anga timakhala nawo pano. Masana atenga tsache, apita kumanda a kuseri kwa damu kumene tinaika abambo. Abwerako dzuwa litapendeka, akhala pakhonde, akupukuta mapazi.

"Iwe," akutero, "wochoka m'komboni amamulola kubwera kudzagona pafupi ndi mwamuna wake?"

Ndati ndikafunsa kwa foromani mawa.