Kabotolo ka Buluu M'kamisolo Mwanga

Mpaka lero Chisomo, mdzukulu wanga wamkazi wophunzitsa sayansi kusekondale, amandipatsa moni wa kumphuno. Sindimuimba mlandu (kwenikweni).

Sabata imene zinachitika izi sankadya bwino. Ankati Lachitatu kubwera oyendera kudzaona phunziro lake, ndipo likapanda kuwakomera ntchito yokhazikika aiiwale. Lachiwiri kunafika bambo wina wa galimoto yoyera, wosekerera mano onse pamtunda. Ine munthu wotere akachoka ndimakawerenga nkhuku. Anapatsa Chisomo kabokosi ka madzi oundana, n'kunong'ona kuti, "Kasafunde, mwamva?"

Chisomo atangopita kumsika, ndinavundukula. Munali kabotolo kagalasi konga chala, kopanda chotsekera, komata mbali zonse, m'kati muli timadzi ta buluu. Ndinati basi, kondaine uyu. Akufuna kundipusitsira mwana.

Ndinakaponya m'kamisolo (malo okhawo pa Namitete pano amene sanabedwepo), n'kukwera kabaza ulendo kwa Nachisale, mayi wa mapemphero.

"Tulutsani tione," anatero.

Kutulutsa, buluu uja kulibe. Mwadzaza utsi wofiirira ngati fodya wouma.

"Nachisale, mwandisinthira!"

"Ine? Dzanja langa lalowa nthawi yanji m'mawere mwanumo?"

"Ndiye ndi wakabaza uja."

"Wakabaza anali kutsogolo, eti? Mayi, chiwanda chakwiya ichi. Tiphwanye."

Tinakaika pamwala. Nachisale anayamba nyimbo, ine ndakweza munsi m'mwamba. Pomwepo Chisomo anatulukira wefuwefu, nsapato imodzi ili m'manja.

"Agogo, ayi! Mukaphwanya, utsiwo ukuwotchani m'mapapo! Ndipo mawa ndikaonetsa chiyani?"

Anati bambo uja ndi mphunzitsi wake wa kukoleji, wangomubwereka kabotoloko kuti akaonetse paphunziro lija. Dzina la timadzito nditayesa kutchula ndinadziluma lilime. Zomwe ndinagwira n'zakuti ndi mipweya iwiri, yonse ya nayitirojeni, yemwe uja timamugula m'feteleza. Kukazizira kwambiri imagwirana n'kusanduka madzi a buluu. Kukangofunda pang'ono banja latha: wina saoneka n'komwe, winayo ndiye wofiirira uja.

"Ndiye wafunditsa ndani?" anafunsa Nachisale, akudziwa bwinobwino.

"Chifuwa cha agogo."

Nachisale anaseka mpaka duku linagwa (mayi wa mapemphero ameneyo).

Kunyumba Chisomo anathira mchere m'madzi oundana otsalawo n'kukwiriramo kabotolo. Sanandiyang'ane. Ine ndinakhala pampando manja m'miyendo, ndikuona m'maganizo mwana akugulitsa tomato pamsewu chifukwa cha ine. Patapita nthawi ndithu utsi unayamba kuchepa, ndipo pansi panaoneka kadontho ka buluu. Kenaka kena.

"Abwererana," ndinatero.

"Musakhudze."

Oyendera akuti anaomba m'manja, ntchito anamulemba. Ndi malipiro oyamba sanandigulire chitenje. Anagula loko wamkulu wa chitseko cha kuchipinda kwake.

Ndaphunzira kuti za sayansi sindizidziwa. Koma mtsikana wokhoma chipinda ndiye kuti akubisa kanthu, choncho tsiku la msika ndinakasulitsa kiyi wanga.