A Fidelis ndi Masamba a ku Maryland

Aliyense amene anakhalako ku Takoma Park, kuno ku America, zaka za m'ma 1990 akudziwa kuti a Fidelis Chimwaza sankadutsa tsamba osalipatsa moni. Matendawa anayamba chaka chomwe anafika kuchokera ku Dedza. Kuseri kwa fulati yawo anaona chomera choyanga, masamba atatuatatu, nati khwanya uyu. Poti analibe jumbo, anathothola n'kulonga m'malaya. Sanadziwe kuti eni dziko amachitcha poison ivy, chitedze cha kuno. Lamulungu lotsatira anaima kutsogolo kwa mpingo kuti awerenge mawu, dzanja lina pa Baibulo, lina kalikiliki pamimba. Amayi a kwaya ankayesa mzimu wawatsikira.

Wina akanalekera pomwepo. Iwo anangoti, "Sukulu imeneyo," n'kukagula magolovesi.

Amene anasenza mtandawu anali akazi awo, Mayi Enelesi, omwe ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Lanham. Tsiku lina akuchokera kuntchitoko, a Fidelis anaimika galimoto m'mbali mwa msewu waukulu wa Beltway, magalimoto akuluakulu akudutsa ngati mphepo.

"Bambo a Tasha, tifere pamsewu chifukwa cha ndiwo?"

"Mayi a Tasha, bonongwe wonenepa chonchi ngakhale ku Bembeke kulibe."

Wapolisi anawapeza a Fidelis atanjuta m'ngalande.

"Sir, is your car broken down?"

"No, officer. Dinner."

Mayi Enelesi anatsetsereka pampando mpaka mutu osaoneka pawindo.

Koma kudziwa a Fidelis ankadziwa, tisawanamizire. Ankadziwa kuti chisoso chimakonda m'mphepete mwa njanji ku Landover, ndipo kuseri kwa ma warehouse kuli udzu wofanana ndi tsekera. Udzuwo ankamangira masache n'kumagawa. Nyumba iliyonse ya Mmalawi inali ndi tsache la a Fidelis litatsamira pakona, likuyang'ana kapeti, ntchito osaiona.

Vuto linali masamba amene analibe dzina. Amenewo ankawapatsa chibale. "Uyu ndi msuweni wa luni. Uyo ndi mlamu wake wa mnadzi." Ankalitikita tsambalo, kulinunkhiza, kuluma kansonga, n'kukhala phee kudikira ngati lilime lichite dzanzi. Likapanda kutero, m'poto. Mayi Enelesi ankaphika mtima uli m'mwamba, n'kuyamba kuwapakulira eni ake. Alendo akangoona zobiriwira m'mbale, onse ankakumbukira kuti adya kale. Tasha, mwana wawo, ankangoti, "Mom, I'm not eating the sidewalk."

Ndiye tsiku lina a Fidelis anabwera ndi mlamu wina watsopano, wamasamba osalala. Mayi Enelesi anaphika, anatendera ndi chiponde, a Fidelis anadya n'kupempha zina. M'mawa mwake anagwa ali pasiteshoni ya sitima ya Metro, osadzukanso.

Misozi isanaume, foni yochokera ku Dedza inalira. Anali achemwali awo a malemu.

"Alamu, tamva kuti munawaphikira masamba akutchire. Anali masamba anji?"

Dzina la masambawo ankalidziwa ndi mwini wake yekha, nayenso mongopeka. Pamaliro anthu ankapepesa bwinobwino, koma maso ali kukhitchini. Ndiwo zotsalazo Mayi Enelesi sanataye. Anaziika m'firiji, kuti ngati ndi mlandu, umboni ukhalepo. Kuntchito ankadyetsa okalamba phala, akudzifunsa ngati dzanja lomwelo ndi limene lapha mwamuna.

Kenako adokotala amene anapima thupi anaimba foni. Unali mtima. Unali utatopa kalekale mwakachetechete, ndipo m'mimba munalibe chilichonse choipa. Mayi Enelesi anawapempha kuti abwereze, kenako anakhala pansi pakhitchini n'kulira, kulira kwenikweni koyamba chimwalirireni amuna awo. Atatha anaimbira ku Dedza, ndipo sanafulumire kudula.

Masiku ano bonongwe wa m'mbali mwa Beltway amakula mpaka kuchita njere, wopanda womuyamikira. Timagula sipinachi wa m'mapepala, wopanda fungo, wopanda nkhani. Wina akadutsa panjanji paja amacheuka, kuganiza kuti aona chipewa cha a Fidelis chikuyenda m'udzu. Mayi Enelesi nawo amavomera kuti nthawi zina phazi limafuna kuponda buleki lokha.

Atapita kumanda kukaika maluwa, anapeza chisoso chitamera kumutu, ndipo anakana kuti chizulidwe. Pobwerera anaphikira anthu mpunga ndi kabichi, ndipo mbale zonse zinabwerera zoyera. Mayi Mwansa a ku Lusaka, oyandikana nawo khomo, anasamba m'manja, nati:

"Benze muntu wabwino a Fidelis, tizabayewa maningi. Koma kukamba zoona, lelo ndiye siku loyamba kudya pa nyumba pano osapempela kabili."